Mwala Wopachikidwa pa Ubweya wa Ng'ombe

7 Febuluwale 1977

Linali Lolemba, ndipo ndinali kuseri kwa labu ya pa sekondale ndikutsuka mabotolo m'beseni ndi phulusa, chifukwa sopo anali atasowa m'masitolo onse a pa Boma. Limenelo ndilo linali tsiku langa loyamba pa ntchito. Ndimalikumbuka bwino popeza kuyambira ndili Fomu 1 ndinali ndi chizolowezi cholemba m'kabuku zimene ndaona tsiku lililonse. Inu ana anga munandidziwa ndili mayi wa mawu, wokalipira ana asukulu akamaseweretsa asidi. Nthawi imeneyo sindinali wotero. Ndinali mtsikana wamanyazi, woti mphunzitsi akandiloza ndinkayang'ana zala za kumapazi, yankho ndili nalo m'kamwa.

Ndinali nditangomaliza Fomu 3 pa sekondale yomweyo, malo a Fomu 4 osawapeza. AHedi anatumiza uthenga kumudzi kwathu, dera la Mlolo, kuti akufuna wothandiza mu labu, ndipo asankha ine chifukwa zaka zonse zimene ndinaphunzira pamenepo sindinaswepo ngakhale kapu. Atate, amene anali kalipentala komanso mkulu wa mpingo, anandigulira khadi la chipani, pakuti masiku amenewo wopanda khadi ankabwezedwa ngakhale pakhomo la msika, nandiperekeza pa njinga. Siketi imene ndinavala inali ya yunifolomu yomwe ija, amayi atangoinyika mu utoto wakuda. Anzanga amene anapitirira sukulu akandipeza ndikusesa ankandiseka kuti ndakhoza Fomu ya tsache. Mkati mwa sabata ndinkagona pa sukulupo, Lachisanu masana nkupita kumudzi.

Bwana wanga woyamba anali a Koshi, mphunzitsi wa sayansi wochokera ku India, monga analili aphunzitsi ambiri a zaka zimenezo. Anali wamfupi, wa dazi, ndipo Chinyanja chawo chonse chinali "pang'onopang'ono" ndi "zikomo kwambiri". Ine ankanditchula Misi Mbewe, dzina limene munthu wina aliyense anali asanandiitanepo. Pambuyo pake ndinagwirapo ntchito ku Katete ndi ku Petauke, pansi pa mabwana ena okoma mtima, ena a nkhanza, koma amene anandiphunzitsa kuyang'ana chinthu nthawi yaitali ndisanachinenere kanthu anali iwowa. Labu yathu inali yosauka. Gasi anatha ine ndisanafike, motero tinkatenthetsa zinthu pa pulayimasi, palafini akasowa nkukoleza mbaula. Chiswe chinali chitadya mapepala a maina pa mabotolo ambiri. Maginito amphamvu analipo amodzi okha, opindika ngati goli laling'ono, ndipo a Koshi ankawasunga m'kabati atawakulunga m'sokosi.

Seputembala 1977

Mwezi umenewu a Koshi anaonetsa ana a Fomu 2 chinthu chimene chinandisowetsa mtendere. Anapachika msomali pa waya, nauyandikitsa kwa maginito mpaka unakokedwa nkuima chopendeka. Ine anandiuza kuti ndiike moto wa pulayimasi pansi pa msomaliwo. Unada, kenako unayamba kufiira, ndipo utafiira bwinobwino unangolekana ndi maginito nkubwerera pakati, ngati mwana amene wakana bere. Utazizira pang'ono unathamangiranso komwe kuja. Anawo anaseka, belu linalira, onse anatuluka kukadya. Ine ndinatsala nditagwira pulayimasi. Msomali unali womwe uja, wosasungunuka, wosapindika. Nanga chinatuluka mkati mwake nchiyani, ndipo chinabwereranso bwanji?

Funso limeneli ndinayenda nalo masiku ambiri. Tsiku limene ndinalimba mtima ndinafunsa nditawafulatira, ndikupukuta shelefu yoyera kale. A Koshi anasiya kulemba ndipo anakondwa ngati ndawabweretsera mango. Anandifotokozera m'Chingerezi chawo chothamanga, akujambula timivi pa bolodi, kuti chitsulo chimapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maatomu, ndipo kalikonse ndi kamaginito pakokha. Chitsulo chikakhala chozizira, timaginitoto timamvana nkuyang'ana mbali imodzi. Chikatentha kufika pa mlingo wake, timasokonekera, kalikonse nkumayang'ana kwake. Ine ndinazimvetsa m'njira yanga: kuzizira ndi anthu m'tchalitchi, onse maso ku gome, ndipo kutentha ndi anthu omwewo pa msika. Chimene chinandidabwitsa kwambiri nchakuti kusinthako sikubwera pang'onopang'ono. Kuli ndi mzere wake, ngati malire a munda, ndipo chinthu chilichonse chili ndi mzere wakewake. Kuyambira pamenepo ndinkati ndikaona khasu, poto kapena belu la sukulu, ndinkadzifunsa kuti mzere wake uli pati.

Disembala 1977 mpaka Malichi 1978

Pa Khirisimasi anabwera alongo anga a Yelemiya, amalume anu, amene ankagwira ntchito ku migodi, kumene ankayenga mkuwa ndi chitsulo china chotchedwa kobalti. Onse anawabweretsera nsalu ndi shuga. Ine anandiponyera kamwala kakuda pamiyendo, kamene anakatola pa mulu wa zotayidwa.

"Iwe wa ku labu, tauzindikira uwu," anatero. "Ukalephera ubweze malipiro a boma."

Amayi anati munthu wayenda ulendo wonsewo nkusenzera mlongo wake mwala, ngati ku Mlolo miyala inatha. Koma ine ndinaukonda. Unali wakuda bii, wodetsa zala, ndipo m'mbali mwake unkaoneka wosanjikizana, ngati khungu la anyezi.

Sukulu itatsegulidwa ndinaupereka kwa a Koshi. Anapala kafumbi kake, nakasakaniza ndi ufa woyera wa bolakisi pa kawaya, naika pa moto. Panapangika kamkanda kagalasi, ndipo kuchokera mu mwala wakudawo munatuluka mtundu wa buluu wozama, woposa buluu wochapira malaya. Anati chimenecho ndicho chizindikiro cha kobalti. Mwalawo unali ngati dzimbiri lake, ndiko kuti kobalti wogwirana ndi mpweya. Titatenthetsa kachidutswa m'kachubu kagalasi, m'mbali mwa kachubuko munaoneka timadontho: mwala wouma uja unatuluka thukuta. Tinaulumikizanso ku mabatire a tochi ndi ku mita ya singano. Uli wozizira singano sinkasuntha, koma titauwotcha inkanjenjemera nkukwera pang'ono, pamene waya wa mkuwa akatentha magetsi amayenda movutikira. A Koshi ananena kuti m'mwala wotere maatomu a kobalti amagona m'mizere yafulati, ngati mphasa zosanjikiza, ndipo pakati pa mphasa ndi mphasa pamakhala tinthu tina, tomwe tinathawa ngati madzi titauwotcha.

Mu kabati munali botolo lina la dzimbiri la kobalti la ufa wotuwa, losakhala la mphasa, limene chiswe chinalisiyira dzina. M'buku lawo lalikulu a Koshi anandisonyeza kuti ufa umenewu nawonso uli ndi mzere wake, koma suli pa moto wofiira ayi. Uli pa kuzizira kwa m'mawa wa mwezi wa Juni kwathu kuno. Kukazizira kudutsa pamenepo, timaginito take timagona mosemphanitsa mitu, wina mutu uku wina uko, monga ana ambiri amagonera pa mphasa imodzi. Kukafunda timadzuka nkubalalika. Ndinalingalira kuti botolo limene ndinkalipukuta fumbi tsiku ndi tsiku lakhala likusintha mkati mwake nyengo yozizira iliyonse, m'mawa kugona, masana kudzuka, popanda woona.

Ndinafunsa ngati mwala wanga wa mphasa nawonso uli ndi kuzizira kwake kumene umasinthira. A Koshi anatsegula masamba kutsogolo ndi kumbuyo, kenako anatseka bukulo.

"Sindikudziwa, Misi Mbewe," anatero. "Mwina palibe amene wayang'anapo."

Ndinali ndisanamvepo mphunzitsi akunena kuti sakudziwa.

Pano ndidumphe zaka zambiri. Nditapuma kale pa ntchito, mdzukulu wanga Tiyamike, amene anaphunzira za sayansi ku Lusaka, anandiuza kuti mabatire ambiri a mafoni ali ndi dzimbiri la kobalti la mphasa zosanjikiza, la banja limodzi ndi mwala wanga. Anati akatswiri anapeza kuti akamachotsa kapena kuonjezera tinthu ta pakati pa mphasazo, chinthucho chimatha kusintha kuchoka pokaniza magetsi nkuyamba kuwalola, ndipo mizere ya timaginito ta zinthu zambiri zotere ili pa kuzizira koopsa, kumene dziko lathu silinakuonepo. Ndinaseka mpaka kutsokomola. Koma mu 1978 zimenezi sindinkazidziwa, ndipo dambo la kwathu ndilo linali malo ozizira koposa amene ndinkawadziwa.

Meyi ndi Juni 1978

Nthawi ya a Koshi inatha mu Meyi, chisanu chisanafike, ndipo anabwerera kwao. Wolowa m'malo mwao sanabwere chaka chonsecho. Asananyamuke anandithirira ufa wotuwa uja m'kachubu kakang'ono, nandiphunzitsa njira: kupachika chinthucho pa ulusi pafupi ndi maginito, kumbuyo nkuika rula, nkuona ngati chikukokedwa mosiyana m'mawa ndi masana. Anandichenjeza kuti kusinthako nkochepa kwambiri, mwina maso sangakuone. Anapemphanso aHedi kuti azindilola kutenga maginito Lachisanu nkubweza Lolemba, ndipo iwo anavomera pakamwa.

Ulusi wosokera unandivuta, chifukwa unkapota wokha. Ndinayesa wa thonje, wa m'saka, mpaka ndinaona ng'ombe ya atate, Bantomu, ikuthamangitsa ntchentche. Ubweya wa kumchira kwake unali wautali, wosalala, wosapota. Ndinazula ungapo. Pofuna kutchinga mphepo, ndinapempha botolo lalikulu la masiwiti kwa mwini golosale, nkupachikamo kachubu ndi kachidutswa ka mwala kuchokera pa chivindikiro, chilichonse pa ubweya wake. Loweruka lililonse la Juni ndinkalawirira ku dambo, kumunsi kwa madimba, kumene mame amaluma mapazi. Ndinkagwada, kufunda chitenje kumutu kuti mpweya wa m'kamwa usachite nkhungu pa galasi, nkumawerenga timizere ta rula chonong'ona. Masana ndinkachitanso chimodzimodzi kuseri kwa nkhokwe. Ufa uja unkapendekera kwa maginito pang'ono, ngati munthu wotchera khutu. Loweruka loyamba ndinaganiza kuti m'mawa wapendekera mocheperapo. Lachiwiri sindinaone kusiyana. Mwala wanga sunkasuntha konse.

Pa zonsezi sindinaganizeko momwe ndinkaonekera. Mtsikana wosakwatiwa, mbandakucha, atagwada ku dambo, atafunda kumutu, akunong'oneza mwala wakuda wolendewera pa ubweya wa kumchira wa ng'ombe, womwe asing'anga amapangira litchowa. Amayi opita kukathirira ndiwo ankandilambalala, ine nkumayesa kuti akundipatsa ulemu wa ntchito ya boma.

Loweruka lachitatu nditavundukula chitenje ndinapeza aNabanda atakhala pambali panga, nkhuku ili m'khwapa. Anali mayi wa m'mudzi woyandikana nafe, wa ana anayi, amene amuna awo anapita ku migodi nkungoti zii, osalemba, osatuma mawu. Anandipatsa moni wa ulemu umene sunkayenera msinkhu wanga, nati ndiwafunsireko kwa mwalawo, poti unachokera komweko, ngati bambo a ana awo ali moyo. Ndinachita mantha. Ndinawafotokozera ndi mawu anga apansipansi kuti izi nza sukulu, kuti ndikungoyesa kuzizira, kuti mwala sumva ndipo sulankhula.

"Inde mayi, onse amatero poyamba," anayankha mofatsa. "Ingondilolani ndisuzumire."

Posuzumira anagunda botolo ndi bondo, ndipo mwala uja unagwedezeka uku ndi uko. Anaombera m'manja pang'onopang'ono, misozi ili m'masaya, nasiya nkhuku yomanga miyendo pa udzu. Ndinawathamangira nayo, koma anakana kuilandira, ati kubweza nkhuku nkufafaniza yankho. Madzulo ake atate anaibweza okha, osandifunsa zambiri.

Zikanathera pomwepo. Koma mkati mwa sabata yotsatirayo amuna a aNabanda anatsika basi pa Boma, owonda, atanyamula sutikesi ndi wayilesi. Loweruka lomaliza la Juni ndinapeza amayi ambiri akundidikira m'mphepete mwa dambo, wina atachokera ku Zingalume wapansi, ali ndi lichero la mtedza ndi nkhani ya mbuzi zosowa. Ndinabwerera kunyumba botolo lili kumimba.

Julayi 1978

Mgonero unali pa Sabata lachiwiri la mweziwo, ndipo Loweruka lake akulu a mpingo ankakhala pansi kuweruza milandu. Sabata loyamba, titaweruka ku tchalitchi, anabwera kwathu a Mwale, mkulu mnzawo wa atate, munthu amene anandiphunzitsa katekisimu ndipo ankandikonda. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, ine pa mphasa chapatali, atate pa mpando wao. A Mwale sanakalipe. Anati palibe amene akunena kuti ndine mfiti, koma nkhani yafika mpaka kwa abusa kuti mwana wa mkulu wa mpingo akuombeza ula ndipo analandira nkhuku. Anatinso anthu a m'midzi ya gule akutiseka kuti a tchalitchi amaletsa za makolo masana, m'mawa nkumakagwadira miyala. Ndinayesa kufotokoza za timaginito. Iwo anandifunsa funso limodzi lokha, lakuti ngati nza sukulu, nanga ndapezamo chiyani choti ndiwaonetse. Ndinalibe choonetsa.

Njira imene anandipatsa inali yachifundo m'maso mwao. Loweruka ndikaime pamaso pa akulu, ndikanene kuti ndinaombeza ndipo ndalapa, ndikapereke mwalawo autaye m'chimbudzi, basi, mawa lake ndidye Mgonero ngati kale. Ndikakana, ndiikidwa pa chilango, kukhala benchi ya kumbuyo osayandikira gome, ndipo atate atula pansi ukulu, pakuti wolephera kuweruza nyumba yake sangaweruze mpingo. Atate anali pa mpando umenewo kuyambira ndisanabadwe. Agogo awo anali m'gulu la oyamba kubatizidwa m'dera lathu.

"Ndi mawu awiri okha, mwana wanga," anatero a Mwale ponyamuka. "Lilime silithyoka nawo."

Lolemba ndinapempha aHedi kuti andilembere umboni woti zimene ndinkachita zinali za labu. Anandimvetsera bwino, koma anati za mpingo nza mpingo, sukulu ya boma singalowererepo, ndipo popeza maginito ayamba kubweretsa mbiri, sabata imeneyo ikhale yomaliza kuwatulutsa. A Koshi anali kutsidya kwa nyanja. Sabata yonseyo ndinkatsuka mabotolo oyera kale, ndikuyeseza mawu awiri aja. Sanali ovuta kutchula. Amayi anali atandiuza kale kuti ndingowanena, Mulungu amadziwa za mumtima, ndipo mwala si m'bale wanga. Ndinkaona kuti akunena zoona. Komabe ndikafika pa liwu lakuti "ndinaombeza", ndinkaona nkhope ya aNabanda. Ndikavomera, ndiye kuti ndawatsimikizira iwo ndi amayi onse aja kuti mwala unalankhuladi, ndipo chaka chamawa akausowa kwa ine adzakaufuna kwa wina wodya nkhuku zao. Panalinso china chimene ndinkachita nacho manyazi ngakhale kuchiganiza: Julayi ndi wozizira kuposa Juni, ndipo ndinali ndisanayese mu Julayi.

7 Julayi 1978

Ndinafika kumudzi dzuwa litapendeka. Atate anali pa shedi yao akupala goli la ngolo. Sabata yonse ya mlanduwu anali asanandiuzepo choti ndichite. Ndinagwada kuwapatsa moni, ndipo ndisanadzuke anati ndikatenge chinthucho achione, poti anthu onse a m'dera anachiona kupatula mwini ng'ombe imene inasosoledwa mchira.

Ndinaika botolo pa benchi yao yopalira matabwa, nkusendeza maginito. Anavala magalasi awo owerengera Baibulo, nawerama, manja ali kumbuyo kuti asagunde kanthu. Anayang'ana nthawi yaitali. Ndinawafotokozera za msomali wofiira, za anthu a m'tchalitchi ndi a pa msika, za ana ogona mosemphanitsa mitu, za mphasa zosanjikiza. Aka kanali koyamba kulankhula nawo mawu ambiri chotero. Pa za msomali anagwedeza mutu, nati osula makasu ayenera kuti amazidziwa. Kenako analoza kachubu ka ufa.

"Aka kakupendekadi. Nanga m'mawa kamapendeka mosiyana?"

"Tsiku lina ndinaona ngati, atate. Tsiku lina ayi."

"Nanga mwala wa Yelemiyawu?"

"Sunasunthepo, kupatula pamene aNabanda anagunda botolo."

"Ndiye ukuti uli ndi kuzizira kwake kumene umasinthira?"

"Sindikudziwa."

Anapukuta magalasi ndi malaya. Kenako anafunsa, ngati akudzifunsa okha, kuti kodi ubweyawo sutalika ukamwa chinyezi cha ku dambo, monga chitseko chimafufumira nthawi ya dzinja, ndipo ngati utalika, ndidziwa bwanji kuti chasintha ndi ufa osati mchira wa Bantomu. Zimenezo ndinali ndisanaziganize. Ndinamva ngati ntchito yanga yonse ya Juni yagwera m'madzi, komanso nthawi yomweyo mutu unayamba kuthamanga: ndikanapachika kamwala wamba pa ubweya wina m'botolo lomwelo, kuti ndiziyerekeza. Ndinawauza zimenezo, iwo nati kamwala ka mumtsinje kangachite bwino, koma kakhale kolemera mofanana. Tinakambirana za kamwalako kwa kanthawi ngati kuti mawa kulibe mlandu.

Anabwerera ku goli lao, napala kangapo, kenako anaima.

"Esinati, mpando uja ndimaukonda, sindikubisira. Amayi ako akuti unene mawu awiriwo, ndipo ukawanena sindidzakudzudzula. Koma ine ndakhala pa milandu ya mpingo zaka zambiri, ndipo sindinauzepo munthu kuti alape tchimo limene sanachite. Sindiyambira pa mwana wanga. Pakamwa mpako."

Ndinabweza botolo m'nyumba mosamala. Zimene zinatsatira munazimvapo kwa azakhali anu: ndinakhala benchi ya kumbuyo mpaka chimanga chinakololedwanso, ndipo atate sanabwererenso pa mpando wa akulu, ngakhale pamene anawapempha patapita zaka. Ankakhala pakati pa amuna wamba, akuimba mokweza monga kale. Sanandikumbutsepo ngakhale tsiku limodzi, ndipo kusakumbutsako kunkandilemera kuposa chilango. Za mwala uja yankho sindinalipeze, chaka chimenecho kapena china chilichonse.

Koma madzulo amenewo zonsezi zinali zisanachitike. Ndinatsikira kumtsinje kusanade, ndinasankha kamwala koyera kolingana ndi kanga, ndipo pobwera ndinadzera ku khola kukapepesa Bantomu ndisanamuzulenso ubweya wina. Ndinatsimikiza mtima kuti mawa ndilawirira chisanu chisanathe, ndisenza botolo pamutu chifukwa pa njinga ubweya ungaduke, ndikaliika pa tebulo la akulu iwo asanafike. Akadzandifunsa, ndikanena kuti sindinaombeze, kuti mwala sunauze aNabanda kanthu, ndiponso kuti chimene ndinkafuna kudziwa sindinachidziwebe. Ndikatero ndikapempha a Mwale, amene maso awo anali akuthwa kuposa anga, kuti awerame awerenge okha timizere ta rula.